A Ndege Akana Kupatuka

Mphepo ya kumapeto kwa chisanu inali itayamba. Inkadzuka m'mamawa n'kumakokolola masamba ouma ndi mapepala m'misewu, ndipo pofika masana fumbi linkakhala lili m'maso ndi m'mano mwa aliyense. Nyengo yotere bwalo la dothi limafuna kuthiridwa madzi m'mawa ndi masana, apo ayi limasanduka ufa. Wosewera tenesi nayenso imamuikira malamulo ake: asalimbane ndi mizere, asakhulupirire mpira umene ukadali m'mwamba, ndipo asapse mtima. Anthu ambiri pakalabu ankaitukwana mphepoyi. A Ndege ikangoyamba ankagona tulo tabwino.

Dzina la Ndege anawapatsa ndi anyamata a pakalabupo chifukwa cha kaseweredwe kawo. Anzawo akamamenya mpira mpaka kulira ngati chikwapu, iwo ankangoukweza. Unkapita m'mwamba kupitirira mitengo ya kumpanda, n'kukakhala kumeneko ngati waiwala njira, kenako n'kutsika mwaulesi pakona ya kumanzere kwa mnzawo. Anyamatawo ankati munthu utha kukamwa madzi, kupereka moni kwa alendo, n'kubwerera mpirawo usanatere. Koma akalowa nawo m'bwalo ankatuluka atatuwa, akung'ung'udza kuti tsiku limenelo dzanja silinali bwino. A Ndege sankatsutsana nawo. Ankangoti mpira wabwino si umene iwe umaukonda, ndi umene mnzako amadana nawo. Nthawi ya dzinja, dothi likalemera, ankauyendetsa chapansi. M'chilimwe, bwalo likauma gwa, ankausiya kuti udumphe mpaka m'khosi mwa munthu. Nyengo iliyonse inali ndi mpira wake.

Ntchito yawo inali yophika buledi. Ankalowa kusanache, kukanda ufa, kuudula, kuuika m'zitini, kulowetsa ndi kutulutsa mathireyi mu uvuni, ndipo dzuwa likafika pamutu ankavula epuloni n'kuyenda wapansi kupita kubwalo. Mikono yawo inali ndi zipsera za moto kuyambira pachigongono mpaka pamfundo ya dzanja. Zaka zinali zitadutsa makumi anayi, mawondo ankalankhula akamakwera masitepe, koma mwa amayi ndi atsikana onse a pakalabupo amene ankalimbana nawo anali mmodzi yekha. Ameneyo anali mwana wa mchimwene wawo, mtsikana wamtali amene anthu ankamutcha Mphezi.

Tenesi anaitola ali aang'ono. Bambo awo ankasamalira mabwalo a masewera pasukulu ina ya anyamata, ndipo tsiku lina anabwera kunyumba ndi raketi yokhota imene mwana wasukulu anataya. Panalibe woti azisewera naye, choncho ankamenyetsa mpira kukhoma la nyumba yosungiramo makasu ndi mawilibala. Khoma silitopa, silikwiya, limangobweza. Iwonso anaphunzira kubweza. Ali namwali anapambana mwayi wopita kumpikisano waukulu wa kulikulu la dziko, koma bambo awo anati mwana wamkazi sangayende ulendo wotero ndi kasiketi kosafika m'mawondo pakati pa amuna achilendo. A Ndege anakana kumva, analira, kenako anakhala. Zitavuta kuti ana awiri apitirize sukulu, anakana kusiya, kenako anasiyira mchimwene wawo wamng'ono. Mkazi wa mchimwene wawoyo atamwalira n'kusiya khanda, a Ndege ananena kuti iwo sangathe kulilera, koma mawa lake anabwera ndi nsalu yoberekera. Pabanjapo zinkadziwika: achemwali amakana ndi pakamwa pokha.

Khandalo ndiye Mphezi. Anakulira m'chipinda chimodzi ndi azakhali akewo, pakabedi ka pafupi ndi zenera, ndipo raketi anaigwira koyamba manja a azakhali ali pamwamba pa manja ake. Atakula anabwerera kwa bambo ake, omwe tsopano anali ndi ntchito ya mu ofesi, galimoto ndi mkazi wina. Kochi wa pakalabu anamuphunzitsa kumenya ngati akatswiri amene ankawaonera pafoni: mwamphamvu, molunjika, nkhani ithe msanga. Akaupeza bwino kudzanja lamanja, mpirawo sunkaoneka, unkangomveka. Koma kumanzere, mpira ukafika msinkhu wa phewa, dzanja lake linkasokonezeka. Azakhali anamuuzapo zimenezi kambirimbiri. Iye ankangoseka, amvekere ndani angapeze mpata womuponyera kumeneko iye atamuthamangitsa kale.

Chaka chimenecho kalabu inalandira malo amodzi okha a mkazi kumpikisano wa kulikulu, womwe uja. Kunkamveka kuti kudzabwera anthu ofufuza achinyamata oti akawaphunzitse kunja. Lamulo la pakalabu linali lakale ndiponso lomveka: awiri apamwamba akumane, wopambana apite. Awiri apamwamba anali a Ndege ndi Mphezi.

Kochi ndiye anayamba kuwanyengerera kuti apatuke. Anawayamikira a Ndege chifukwa cha zaka zimene atumikira masewerawa, anafunsa za mawondo, kenako anati ofufuza aja safuna munthu wa msinkhu wawo, malowo angowonongeka. A Ndege anamuyankha kuti ngati lamulo lasintha alembe pabolodi aliyense aone. Kochiyo anakanda m'mutu n'kupita kukamangitsa ukonde umene unali womangika kale.

Mchimwene wawo anawapeza kukhomo lakuseri kwa bekale, akusansa ufa pa epuloni. Anayamba ndi moni wautali, anafunsa za denga limene linkadontha, kenako anafika pankhani.

"Achemwali, mwanayu ndi wanu. Ine ndinangobereka, wolera ndinu. Ndiye mumutsekere njira lero?"

"Njira yake ili m'bwalo, achimwene. Andigonjetse, adutse."

"Inu mukapita kumeneko mukapindula chiyani? Mudzabwerako n'kudzayatsanso uvuni womwewu."

"Ndidzayatsa uvuni womwewu, inde. Koma ndidzakhala nditapita."

Mchimwene wawo anati safuna zambiri, angolakwitsa mipira ingapo pamene pakufunika, palibe amene angadziwe. Anawakumbutsa kuti chibale n'fupa. A Ndege anamuyang'ana m'maso n'kunena kuti ayi, ndipo anabwereza kuti asadzati sanamve. Iye anamwetulira, anawagwira paphewa ngati munthu amene wapeza chimene anadzera, n'kukakwera galimoto yake. Ayi ameneyo anali atamumva kuyambira ali mwana, ndipo nthawi zonse ankabala inde. A Ndege sanadziwe kuti madzulo omwewo mchimweneyo anakauza mwana wake kuti asadandaule, nkhani yatha, azakhali amvetsa.

Tsiku la masewera mphepo inadzuka yolusa kuposa masiku onse. Inkawomba kuchokera kumbali ya msewu kulowera kumitengo, motsata kutalika kwa bwalo. Anthu anadzaza mabenchi, ena atakolera zala pawaya wa mpanda. Mchimwene wawo anakhala kutsogolo atavala chipewa chatsopano. Atachita mayere a Ndege anapambana, koma m'malo mosankha kuyamba kuseva, kumenya mpira woyambira, anasankha mbali, ya kumitengo, yoyang'anana ndi mphepo. Wina pabenchi anati mayiwa ukalamba wawalowa m'mutu.

Iwo ankadziwa chimene ankachita. Mphepo ikamakuwomba kumaso, mpira umene waukweza sutuluka, imaugwira n'kuugwetsera m'kati. Amene ili kumsana kwake ndiye ali pamoto, chifukwa mphamvu zake zikaphatikizana ndi za mphepo mpira umadutsa mzere. Mphezi anaseva, a Ndege anabweza m'mwamba, kumanzere. Mtsikanayo anadikira, mpira unagwedera, anaumenya, unakagunda waya wakuseri. Wotsatira chimodzimodzi. Atasinthana mbali, mphepo ili kumsana, a Ndege anasiya kukweza. Anayamba kuusenga mpira chapansi kuti uzikwawa, usadumphe kupitirira bondo, mtsikana wamtaliyo aziwerama. Ankaponya kumanzere, kumanzerenso, ndipo Mphezi akayamba kuzungulira kuti aupeze ndi dzanja lamanja, wotsatira unkapita kumalo amene wasiya.

Koma panali china chimene sichinawasangalatse. Mphezi sankathamanga. Mpira ukamudutsa ankangouperekeza ndi maso, n'kumwetulira chakumabenchi ngati mwana amene akudziwa kuti mphatso ili kuseri kwa chitseko. Seti yoyamba, chigawo choyamba mwa zitatu za masewerawo, inatha msanga, a Ndege atatenga.

Atakhala pabenchi lopumira, Mphezi anasendera pafupi, thaulo lili kumaso.

"Azakhali, musachedwe kwambiri. Anthu adzazindikira mukayamba mochedwa."

"Ndiyambe chiyani?"

"Adadi anati munagwirizana."

A Ndege anamwa madzi, n'kutseka botolo bwinobwino.

"Abambo ako ndinawauza kuti ayi, kawiri. Iwe ndikukuuza kamodzi. Ngati malowa ukuwafuna, dzuka udzawatenge."

Mtsikanayo anachotsa thaulo. Anayang'ana azakhali ake, anayang'ana bambo ake, omwe anamukwezera chala chachikulu. Anawerama n'kumanganso zingwe za nsapato, zonse ziwiri.

Seti yachiwiri Mphezi anasanduka munthu wina. Mphepo inatsikako pang'ono, monga imachitira dzuwa likapendeka, ndipo Mphezi anasiya kudikira kuti mpira ufike paphewa. Ankalowa m'bwalo n'kuumenya ukungodzuka pansi. Mipira ina inkatuluka, koma imene inkalowa inkasiya chipsera padothi. A Ndege ankathamanga uku ndi uku, chifuwa chikutentha. Mpira wina unawadutsa pafupi ndi khutu, anthu n'kuwomba m'manja, iwo mumtima anati ameneyu ndiye mwana amene ndinalera. Seti imeneyo inapita kwa mtsikana, ndipo mchimwene wawo anatsamira kumbuyo n'kupinda mikono, atakhutira kuti achemwali ayamba kumva.

Zimenezo a Ndege anaziona, ndipo zinawapweteka kuposa mawondo. Akagonja lero, ngakhale atakhetsa thukuta lonse, pabanjapo padzanenedwa kuti achemwali anakana kenako anapatuka, monga mwa masiku onse. Palibe amene adzakhulupirire. Ngakhale Mphezi yemwe sadzadziwa ngati anatenga kapena anapatsidwa.

A Ndege anakhala pansi n'kuganiza monga amachitira ufa ukakana kutupa, kufunsa kuti chasintha n'chiyani. Mwanayo tsopano ankaima m'kati mwa mzere wakumbuyo. Kwa munthu woima pamenepo, mpira wokwera pang'ono ndi chakudya. Pankafunika wokwera kwambiri, wotera pamzere penipeni, umubweze kumene anachoka. Ndipo munthu akabwerera kumbuyo, kutsogolo kumatsala pululu. Dzuwa nalo linali litapendekera kumitengo, moti amene ali kumbali ya msewu akakweza maso ankakumana nalo.

Choncho m'seti yachitatu, yomaliza, ndege zinayambanso kuuluka, zokwera kuposa kale. Anthu anayamba kudandaula. Wina anakuwa kuti amayi amenye mpira, iwo anabwera kudzaonera tenesi osati mbalame. Wina anati mtsikanayo amubweretsere makwerero. A Ndege anamva zonse, ndipo wotsatira anaukweza kuposa pamenepo. Mphezi anabwerera, anabwereranso, mpaka msana unakhudza waya. Pamenepo iwo anakonza dzanja ngati akwezanso, koma mpirawo anangousisita. Unadutsa ukonde n'kugona pomwepo, mphepo n'kuukankhira chakumbuyo. Mtsikanayo anathamanga, anatsetsereka, anafika mpira utagunda kawiri. Anadzuka bondo lili lofiira ndi dothi.

Mchimwene wawo anali ataimirira tsopano. Anafika pawaya pamene a Ndege ankatola mpira, n'kulankhula mano atalumana.

"Achemwali, zakwana. Mwawaonetsa anthu. Tsopano musiyeni mwana."

"Chotsani zala pawaya, achimwene, mpira ungakuthyoleni."

Magemu, timagawo ta setiyo, anayenda mofanana, uyu atenge, uyu abweze. Mphezi sanafooke. Ankaphunzira masewera ali m'kati, ndipo nthawi ina anabweza ndege ndi ndege inzake, anthu n'kufa ndi phwete. Miyendo ya a Ndege inayamba kulemera ngati matumba a ufa. Ankadziwa kuti zinthu zikatalika amene agwe ndi iwo, choncho mphepo ikakhala kumsana ankafupikitsa. Ankaseva molunjika pathupi kuti mtsikanayo asatambasule mikono yake italiitali, kenako n'kuthamangira kuukonde kukatsiriza. Zimenezi anali asanachitepo pamaso pa anthu amenewo, moti kochi anavula magalasi n'kuwapukuta.

Kenako inakwana nthawi imene gemu imodzi yokha inatsala kuti atenge zonse. Kuseva kunali kwawo, ali kumbali ya mitengo. Asanaponye mpira m'mwamba anaona nkhope ya mwanayo kutsidya, thukuta ndi fumbi zitalemba mizere pamasaya, mlomo wam'munsi ataluma. Inali nkhope yomwe ija ya pakabedi ka pazenera, thupi likatentha. Dzanja linafewa lokha. Sevu yoyamba inagwera muukonde, yachiwiri inatsatira. Mpira winawo anaupereka pakati, waufupi, kudzanja lamanja, ndipo Mphezi anauphwanya. Pabenchi lakutsogolo wina anapumira m'mwamba.

A Ndege anapita kuwaya wakumbuyo n'kuima chofulatira. Ayi wawo ankathera pamenepa nthawi zonse. Mawu a anthu ankawapirira, imene inkawagwetsa inali nkhope. Anapukuta chikhatho pasiketi. Anayang'ana nsonga za mitengo kuti aone mphamvu ya mphepo. Atatembenuka nkhopeyo sanaiyang'anenso. Anayang'ana mapazi a mtsikanayo ndi phewa lake lakumanzere.

Anaseva pathupi, Mphezi anabweza mopanikizika, mpira unatuluka. Anasevanso pomwepo, n'kumukwezera mpaka anatopa kudikira n'kumenyera kunja. Wotsatira Mphezi anautenga ndi mphamvu zake zokha, mzere mpaka kufuka fumbi, ndipo a Ndege anagogoda raketi ndi chikhatho pomuyamikira. Anafananitsanso ndi kampira kogona paukonde, kenako anatsogola.

Mpira womaliza sunali wokongola. Unatalika mpaka anthu anasiya kung'ung'udza. A Ndege anaukweza kumanzere, unabwera. Anaukwezanso komweko, unabweranso. Mphezi ankayembekezera kuti azakhali asintha, aponya kumanja kapena pafupi, ndipo mapazi ake ankapendekera kumeneko. Sanasinthe. Anaukwezanso m'dzuwa, pakona yomweyo. Mtsikanayo anatsinzina pang'ono, anakweza raketi pamwamba pa phewa, mpira unagunda lamba woyera wa ukonde n'kugwera kwake komwe.

M'manja munawombedwa mwa apo ndi apo. Paukonde Mphezi anapereka dzanja louma, maso ali psuu, koma msozi osagwa.

"Mwandichititsa manyazi, azakhali."

"Ndakugonjetsa chabe. Za manyazi ukafunse amene anakunamiza."

Mtsikanayo anachotsa dzanja lake. "Chaka chamawa ndidzakuphwanyani. Simudzatenga ndi gemu imodzi yomwe."

"Udzabwere. Koma dzanja lakumanzerelo usadzalisiye kunyumba."

Mphezi anatola chikwama n'kudutsa bambo ake osawayang'ana. Anakakhala kumpando wakumbuyo wa galimoto n'kumenyetsa chitseko. Mchimwene wawo anaima patsogolo pa a Ndege, chipewa chili m'manja. Anati sankadziwa kuti mlongo wake ali ndi mtima wotere, anati mwayi ngati umenewu mwana sadzaupezanso, ndipo asadabwe akaona kuti kunyumba kwake sakuitanidwa. A Ndege anamusiya amalize. Kenako anamufunsa ngati tsopano wamva. Iye anavala chipewa n'kulowera kugalimoto. Galimoto inatuluka pageti ili ndi malo, koma palibe amene anawafunsa ngati akulowera komweko.

Kochi anawauza tsiku lonyamuka ndi pokwerera basi, maso ali pansi. Iwo anathokoza n'kunyamuka wapansi, akuima m'makona kuti mawondo apume. Mwina mwanayo adzabwera, mwina nyengo idzasintha asanagogode pakhomo. Sankadziwa, ndipo pamenepo mtima unkawawa. Ankayendabe.

Atafika kunyumba kunali kusanade. Anakokera mpando pafupi ndi kabati ya zovala, anakwera mosamala, n'kutsitsa sutikesi yakale imene inali pamwamba. Anaipukuta ndi nsalu yonyowa, kunja ndi m'kati. Zipi inali itachita dzimbiri, inakana kuyenda. Anatenga kachidutswa ka kandulo n'kupaka m'mano mwake, mbali iyi ndi iyo, n'kumakoka pang'onopang'ono, kubwerera, kukokanso, mpaka inayenda kuchokera kukona ina kukafika kukona inzake.